Kuwerenga magetsi a mtima papepala: zolemba za ntchito yathu ku Kasungu

Sabata yoyamba ya Ogasiti

Lero tatulutsa makina a ECG, ojambula magetsi a mtima papepala, m'chipinda chosungiramo katundu. Akhala m'katoni kopitirira chaka, pansi pa makatoni a magolovesi, fumbi lili mbuu. Palibe anawabisa dala. Aliyense amangowalambalala, chifukwa ukangomujambula munthu mtima, funso lotsatira ndi lakuti "nanga pepalali likuti chiyani, adokotala?" ndipo ukasowa choyankha umaoneka ngati wangomuvula malaya pachabe. Ineyo zimenezi ndinaphunzira kusukulu, koma khasu losalimira limachita dzimbiri.

Tagwirizana kuti Lachinayi lililonse, mzere wa odwala ukatha cha m'ma 3 koloko, tizikumana m'kachipinda koyandikana ndi famase. Tilipo asanu ndi awiri: anamwino anayi, achimwene awiri a medical assistant, ndi ine. Pofika Khirisimasi tikufuna tikhale ndi kabuku kathukathu, kokhala ndi mapepala ojambulidwa pa odwala a konkuno, maina titadulako, ndipo pansi pa pepala lililonse pakhale mawu a Chichewa ofotokoza chomwe diso liyenera kuona.

Tayambira pa pepala lenilenilo, wodwala tisanamukhudze. Pepala limatuluka m'makina pa liwiro la mamilimita 25 pa sekondi. Ndiye kuti kabokosi kakang'ono kamodzi ndi masekondi 0.04, ndipo bokosi lalikulu, lomwe ndi timabokosi 5, ndi masekondi 0.2. Kukwera m'mwamba kwa mzere ndi mphamvu ya magetsi: timabokosi 10 ndi millivolt imodzi, ndipo poyambira mzere makina amajambula kachitseko kotalika choncho kuti utsimikize kuti sikelo ili bwino. Ndawapempha anzanga kuti asamawerenge pepala asanayang'ane kachitsekoko ndi nambala 25 ija ili m'munsi. Wina akasintha liwiro kukhala 50, mtima wabwinobwino umaoneka waulesi ndipo chilichonse chimatambasuka kawiri.

Mmodzi anafunsa kuti n'chifukwa chiyani zilembo zotchulira zigawo za mzerewo (P, Q, R, S ndi T) zimayambira pa P osati pa A. Anatchula choncho ndi Willem Einthoven wa ku Leiden, ku Netherlands, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1924 chifukwa cha ntchito imeneyi. Makina ake oyambirira anali chimphona chodzaza chipinda, ndipo wodwala ankaviika manja ndi phazi m'zidebe za madzi a mchere. Athuwa ndimawanyamula ndi dzanja limodzi.

Sabata yachiwiri

Lero tajambula njira ya magetsi pa bolodi. Mtima uli ndi zipinda ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Magetsi amayambira pa kamalo kotchedwa SA node, pamwamba pa chipinda cham'mwamba chakumanja, kamene kamayatsa ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Akamafalikira m'zipinda zam'mwamba, papepala pamatuluka kachulu kakang'ono kobulungira, kameneko ndi P. Kenako amafika pa AV node, pomwe amaimitsidwa pang'ono kuti magazi atsikire kaye m'zipinda zam'munsi. Kudikira kumeneku timakuyeza kuchokera poyambira P mpaka poyambira QRS, nsonga yomwe imatuluka magetsi akamafalikira m'zipinda zam'munsi, ndipo kuzikhala timabokosi 3 mpaka 5, osapitirira bokosi lalikulu limodzi. Akadutsa pamenepo amatsika ndi mtolo wa His, n'kugawikana nthambi ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere, n'kumwazikira mu timitsitsi ta Purkinje. Njira imeneyi ndi yaliwiro kwambiri, n'chifukwa chake QRS imakhala yosongoka ndi yopyapyala, yosakwana timabokosi 3. Pomaliza pamabwera T, chitunda chotakasuka, pamene zipinda zam'munsi zikukonzekeranso kugunda kwina.

Ndinafotokoza kawiri koma nkhope zinali zisanamasuke. Ndiye namwino wamng'ono wa ku wodi ya amayi, yemwe sayankhulayankhula, anati: "Adokotala, ndiye kuti P ndi ng'oma, QRS ndi phazi la wovina? Ng'oma ikati du, phazi ligunde pansi?" Chipinda chonse chinavomera nthawi imodzi. Aliyense pano anaonerapo chimtali, ndipo amadziwa mmene zimaonekera wovina akasemphana ndi ng'oma. Fanizo limeneli talilemba pa tsamba loyamba la kabuku. Funso loyamba pa pepala lililonse likhala lomweli: kodi phazi lililonse lili ndi ng'oma yake patsogolo, ndipo ng'oma iliyonse yatsatiridwa ndi phazi?

Kuwerenga liwiro la mtima sikunavute. Uwerenge mabokosi aakulu pakati pa nsonga ziwiri za R (R ndi mbali ya QRS yoloza m'mwamba), ugawe 300 ndi nambalayo. Mabokosi 4 ndi 75 pa mphindi, mabokosi 3 ndi 100.

Sabata yachinayi ya Ogasiti

Sabata ziwiri izi zathera pa kumata mawaya, ndipo sindikudandaula. Mawaya ndi 10 koma amatulutsa mizere 12, uliwonse ndi dzina lake, monga I, II ndi aVR ya m'manja ndi m'miyendo, ndi V1 mpaka V6 ya pachifuwa. Anayi a m'manja ndi m'miyendo savuta. Ovuta ndi asanu ndi limodzi a pachifuwa. V1 ndi V2 amakhala mu mpata wachinayi wa nthiti, wina kumanja wina kumanzere kwa fupa la pakati pa chifuwa, ndipo pafupifupi tonse timawaika m'mwamba kwambiri tikamayerekeza ndi maso. Tsopano lamulo ndi kupapasa ndi chala, kuwerenga nthiti imodziimodzi. V4 mu mpata wachisanu, molunjika pakati pa fupa la m'khosi, V6 molunjika pakati pa khwapa, V3 ndi V5 pakati pa anzawo.

Kwa amayi tagwirizana kuti azimata anamwino aakazi, chitseko chitatsekedwa, mayiyo atafunda chitenje chake, ndipo waya uzipita pansi pa bere. Mayi wina wachikulire anakana poyamba, akuti anamva kuti makinawa amalowetsa magetsi m'thupi. Asisita anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Amayi, makinawa sakupatsani kanthu, akungomvetsera magetsi omwe Mulungu anaika kale mumtima mwanumo." Anagona phee.

Ndilembenso cholakwa changa, chifukwa chikulowa m'kabuku. Lachiwiri ndinajambula bambo wina wa BP, ndipo mu mzere wa I zonse zinali zozondoka, P pansi, QRS pansi, T pansi, pamene aVR, yomwe imayenera kuloza pansi, inali itaimirira. Mtima unandigunda, ndinayamba kuganiza za matenda aakulu. Nditayang'ana pa bedi ndinapeza kuti waya wa dzanja lamanja ndauika kumanzere, wakumanzere kumanja. Ndinawapepesa bambowo n'kujambulanso. Mapepala onse awiri tawamata moyandikana.

M'mawa kuno kukuzizirabe, ndipo wodwala akamanjenjemera mzere wonse umachita manthongo. Timamufunditsa bulangete kaye. Manthongo ena ang'onoang'ono ofanana, okhala ngati mano a sowo, amachokera ku magetsi a pakhoma, omwe kuno amayenda ka 50 pa sekondi. Tikazula pulagi n'kugwiritsa ntchito batire amatheratu.

Pakati pa Seputembala

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo. Makinawa amasindikiza chigamulo chawo pamwamba pa pepala, m'Chingerezi, ndipo anzanga anayamba kumangowerenga chimenecho osayang'ananso mizere.

Kunabwera mnyamata wa kabaza wa zaka za m'ma 20, wowonda, wa minofu yolimba, akudandaula kupweteka kwa pachifuwa atanyamula matumba a chimanga. Makina analemba kuti mtsempha wa mtima watsekeka ndiponso kuti mtima wakula. Achimwene omwe anamujambula anabwera akuthamanga, atauza kale mayi ake a mnyamatayo kuti akonzeke ulendo wa ku Lilongwe. Mayiwo anali atayamba kulira pakhonde.

Tinakhala pansi ndi pepalalo. Kuchokera V2 mpaka V4, kachigawo ka pakati pa QRS ndi T, kotchedwa ST, kanali kokwera pang'ono, kopindika ngati mbale yotseguka, ndipo pothera QRS panali kambedza kakang'ono. Mizere yoyang'anizana nayo inalibe kutsika kulikonse. Mtsempha ukatsekekadi, ST imakwera m'mizere ya dera limodzi la mtima, kawirikawiri yoyang'anizana nayo imatsika, ndipo ukajambulanso pakapita mphindi zingapo chithunzi chimakhala chitasintha. Tinamujambulanso katatu mkati mwa maola awiri ndipo panalibe chosintha. Ululu wake umabwera ukamudina pa nthiti kapena akatembenuka. Zomwe tinaona ndi maonekedwe omwe amapezeka kwambiri mwa anyamata athanzi, makamaka anthu akuda. Nsonga zazitali zija, zomwe makina anati ndi mtima wokula, zimatuluka choncho pa munthu wowonda chifukwa pakati pa mtima ndi waya palibe mafuta ambiri. Muyezo wa Sokolow ndi Lyon woonera mtima wokula, wophatikiza S (mbali ya QRS yoloza pansi) ya V1 ndi R ya V5 kapena V6 kufika mamilimita 35, umanamiza kawirikawiri pa achinyamata oterewa. Anapita kwawo ndi mankhwala a ululu, ndipo sabata yotsatira anabwera yekha pa njinga yake kudzajambulitsanso.

Sindikunena kuti ST yokwera tiziipeputsa. Sabata yomweyo tinaona bambo wina wa kachilombo, wotentha thupi usiku, wobanika, mitsempha ya m'khosi itatupa. Pa pepala lake nsonga zonse zinali zazifupi, zosafika timabokosi 5 m'mizere ya manja ndi miyendo, ngati mawu a munthu amene akuyankhulira m'chitsime. Madzi akadzadza m'kathumba kokuta mtima, magetsi amafika pakhungu atafooka. Kuno TB ndi imene imayambitsa zimenezi nthawi zambiri. Ameneyo tinamutumiza tsiku lomwelo. Chodabwitsa n'chakuti pa pepala lake makina sanalembe mawu oopsa ngati a mnyamata uja.

Kuyambira lero tizipinda pamwamba pa pepala kuti chigamulo cha makina chibisike, munthu awerenge yekha kaye, kenako afutukule.

Kumapeto kwa Seputembala

Nthambi zotsekeka. Nthambi imodzi ikaduka, magetsi amazungulira kudzera mu mnofu, njira yochedwa, ndipo QRS imanenepa kufika timabokosi 3 kapena kupitirira. Ikatsekeka yakumanja, mu V1 mumatuluka nsonga ziwiri, yachiwiri yotalikirapo. Achimwene ena omwe analeredwa ndi fodya anati ikufanana ndi mphanda ya chigafa, ndipo dzinalo lakhazikika. Ikatsekeka yakumanzere, V1 imaloza pansi mozama, pamene V6 imakhala yotakata ya mutu wophwatalala kapena wa kamphako. Yakumanja itha kupezeka pa munthu wopanda vuto, koma yakumanzere nthawi zambiri imakhala ndi matenda kumbuyo kwake, monga BP ya zaka zambiri kapena mtima wofooka.

Taonanso mtsikana wa zaka 19 wotupa miyendo, yemwe ali mwana ankadwaladwala zilonda zapakhosi ndi mafupa. Pepala lake linalibe P ngakhale imodzi, mzere ukungonjenjemera, nsonga zikubwera mosatsata ndondomeko. Ng'oma yasweka, wovina akungoponda mwachisawawa. Imeneyo ndi atrial fibrillation, ndipo pa msinkhu wake imaloza ku khomo la mtima lowonongeka ndi rheumatic fever, matenda otsatira zilonda zapakhosi zija. Pamenepa njira ya 300 ija sigwira. Uwerenge nsonga m'mabokosi aakulu 30, omwe ndi masekondi 6, uchulukitse ka 10.

Okutobala

Dzuwa la mwezi uno latiphunzitsa zomwe sitinaganizire. Pepala la makinawa limalembedwa ndi kutentha, ndipo mapepala omwe tinasiya pawindo ada, ena azilala. Tataya atatu abwino kwambiri, kuphatikizapo la mphanda ya chigafa. Tsopano lililonse timalijambula pa foni nthawi yomweyo n'kupanga fotokope. Marolo a pepala atsala awiri, pempho tinalemba, tikudikira, ndipo pakali pano tikujambula okhawo ofunikiradi.

Usiku wina wa Loweruka anabweretsa bambo wa zaka za m'ma 50 wofooka thupi lonse, wosakodza bwino kwa masiku atatu, yemwe amamwa enalapril ndi spironolactone, mankhwala a BP ndi mtima. Magazi sitikanatha kuyeza usikuwo. Pepala linayankhula lokha: T yayitali, yopyapyala, yosongoka ngati denga la nkhokwe, P itaphwa pafupifupi kusowa, QRS itayamba kunenepa. Potaziyamu akachuluka m'magazi amayenda motero, ndipo ukamusiya QRS ndi T zimalumikizana kukhala mafunde, mtima n'kuima. Tinamubaya calcium gluconate m'mtsempha, ndipo titajambulanso patapita mphindi zochepa QRS inali itapyapyala tikuona. Ndinawakumbutsa anzanga kuti calcium amangoteteza mtima kwa kanthawi, potaziyamu sanachoke, choncho tinapitiriza ndi insulin ndi glucose komanso salbutamol wopumira, ambulansi ikukonzeka.

Tayambanso kuyeza QT, kuchokera poyambira QRS mpaka pothera T, chifukwa mankhwala ena omwe odwala athu amamwa amaitalikitsa: bedaquiline, moxifloxacin ndi clofazimine a TB yosamva mankhwala, quinine, haloperidol. Pongoyang'ana, ngati mtima ukuyenda pa liwiro labwino, T izitha isanafike theka la mtunda wa pakati pa R ziwiri. QT ikawerengedwa molingana ndi liwiro la mtima n'kupitirira masekondi 0.5, ndiye kuti ngozi ili pafupi. Pa kuwerenga kumeneku, masamu a Bazett amakokomeza mtima ukamathamanga, ndiye tikugwiritsa ntchito a Fridericia. Phunziro limeneli silinalowe bwino, tidzalibwereza. Chovuta ndi kudziwa pomwe T yathera.

Sabata yachiwiri ya Novembala

Mvula yoyamba yagwa Lolemba. Lachitatu ndinali kumsonkhano kuboma, ndipo zomwe ndikulembazi mbali yoyamba ndauzidwa, yachiwiri ndaona ndekha.

Anabwera agogo aakazi a zaka za m'ma 70 ochokera chakumadzulo, kufupi ndi malire a paki, atawakweza pa njinga yamoto pakati pa mdzukulu ndi woyendetsa. Kwa miyezi ingapo akhala akugwa mwadzidzidzi. Akusesa, n'kungoti khu pansi, kenako n'kudzuka pakapita kanthawi ngati palibe chachitika. Pamphumi anali ndi chipsera cha mafuwa. Kumudzi ena amati ndi khunyu, ena amati awaponda. M'kabuku kawo ka kuchipatala munali malungo, kuchepa magazi, chizungulire, ndipo penapake wina anawayambitsa mankhwala a khunyu.

Namwino wamng'ono uja, wa fanizo la ng'oma, ndi amene anawalandira. Akuti atagwira dzanja anawerenga 36 pa mphindi, anabwereza, n'kupezanso chimodzimodzi. Sanadikire aliyense. Anatulutsa makina, anamata mawaya, anapinda pamwamba pa pepala.

Nditafika cha m'ma 2 koloko ndinamupeza atayala mzere wautali wa II pa tebulo, atatenga kapepala n'kuchonga ndi cholembera pomwe pali P iliyonse. Anati, "Adokotala, taonani. Ng'oma ikulira bwinobwino, koma wovina sakuimva." Ndinawerama. P zinali kubwera mokhazikika, mabokosi aakulu atatu ndi theka pakati pake, pafupifupi 85 pa mphindi. QRS nazonso zinali zokhazikika, koma motalikirana mabokosi 8, pafupifupi 37 pa mphindi, ndipo iliyonse inali yonenepa timabokosi 4. Akasuntha kapepala kake, zochongazo zimagwera P ina patsogolo pa QRS, ina m'kati mwake, ina pamsana pa T pomwe inangoonekera ngati kotupa kakang'ono. Ineyo P yobisala pa T ija sindikanaiona msanga. Pakati pa P ndi QRS panalibe ubale uliwonse.

Sabata yathayi tinali titangophunzira masitepe a kutsekeka kwa njira pa AV node ndi m'munsi mwake. Loyamba, kudikira kumangotalika kupitirira timabokosi 5 koma phazi lililonse limabwera. Lachiwiri lili pawiri. Pali lomwe anafotokoza Wenckebach mu 1899, pomwe kudikira kumanka kutalikira, kutalikira, mpaka phazi limodzi lisowe, kenako n'kuyambiranso, ndipo limeneli nthawi zambiri silioopsa. Palinso la Mobitz II, pomwe kudikira sikusintha koma phazi limangosowa mosachenjeza, ndipo limeneli ndi loopsa chifukwa litha kugwera mu sitepe lachitatu nthawi ina iliyonse. La agogowa linali lachitatulo: njira yaduka yonse. Zipinda zam'munsi zikudziyatsira zokha, ndipo zikatero kuchokera pansi penipeni zimangokwanitsa ka 20 mpaka ka 40 pa mphindi, QRS n'kukhala yonenepa chifukwa magetsi sakudutsa mu msewu wawo. Kamoto kameneka kakazima masekondi ochepa, ubongo umasowa magazi, munthu n'kugwa, nthawi zina n'kuphupha pang'ono. Apa ndi pomwe anthu amasokonezera ndi khunyu.

Tinafufuza kaye zomwe tikanatha kukonza tokha. Tinakhuthula kajumbo ka mankhwala awo pa tebulo kufunafuna atenolol, propranolol kapena digoxin, omwe amachedwetsa mtima, koma munalibe. T sinali yosongoka. Atropine, mankhwala ofulumizitsa mtima, tinamuika pafupi, ngakhale pa kutsekeka kwa m'munsi chonchi nthawi zambiri sathandiza. Chithandizo chenicheni cha vutoli ndi pacemaker, kabatire koikidwa pansi pa khungu la pachifuwa kokhala ndi waya wofika mumtima, ndipo nkhani imeneyo ndi ya madokotala aakulu. Tinaimba ku Kamuzu Central Hospital, tinatumiza chithunzi cha pepala pa WhatsApp, ndipo anati abwere.

Ndinagwada pafupi ndi bedi. "Agogo, si khunyu ayi, ndipo palibe wakupondani. Mtima wanu ukugunda pang'onopang'ono kwambiri, n'chifukwa chake mumagwa." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mdzukulu wawo n'kunena kuti, "Wamva? Ukawauze amalume ako asiye kuloza anthu zala." Mdzukuluyo anawerama. Ndinamva pambuyo pake kuti kumudziko mayi wina woyandikana nawo anali atasiya kupita kumjigo masana chifukwa cha nkhani imeneyi.

Ambulansi inanyamuka dzuwa lisanalowe, namwino uja atakwera nawo, chala chili pa dzanja la agogo njira yonse ya M1. Usiku anatumiza uthenga woti afika ndipo awagoneka.

Lachinayi lotsatira

Pepala la agogo talimata m'kabuku limodzi ndi kapepala kochonga kaja, momwe kanalili. Kabuku kafika masamba 14. Tikusowabe chitsanzo chathu cha Wenckebach, cha Mobitz II, ndi cha potaziyamu wochepa, chomwe T imaphwa n'kutuluka kachulu kena kotchedwa U. Mvula yayambayi odwala otsegula m'mimba achuluka, ndipo tagwirizana kuti ofooka kwambiri mwa iwo tiziwajambula. Mphanda ya chigafa tiijambulanso mwini wake akabwera ku kiliniki ya BP kumapeto kwa mwezi.

A inichaji avomera kuti aliyense wobwera ndi nkhani ya kugwa kapena kukomoka azigwidwa dzanja mphindi yathunthu, ndipo likakhala pansi pa 50 ajambulidwe asanalembedwe mankhwala alionse. Achimwene aja apempha m'ndandanda wa achikulire omwe anayamba mankhwala a khunyu atakalamba kale, kuti tiwaitane mmodzimmodzi. Marolo a pepala afika asanu. Sabata yamawa tibwereza QT, ndipo wophunzitsa akhala namwino wa ku wodi ya amayi.